Mukafika ku Lisbon, lawaniko ginjinha

Tsiku langa loyamba ku Lisbon, likulu la dziko la Portugal, ndinaona anthu ataunjikana pakakhomo kena pa kabwalo ka Largo de São Domingos, pafupi ndi bwalo lalikulu la Rossio, aliyense atagwira kakapu. Kameneko ndi kasitolo ka A Ginjinha, komwe kakhala kakugulitsa chakumwachi kuyambira mu 1840. Mkatimo mulibe mpando ngakhale umodzi. Mumagula, n'kutuluka, n'kumamwera panja chiimirire.

Ginjinha amapanga poviika tizipatso towawasa totchedwa ginja mu mowa waukali wa aguardente, n'kuthiramo shuga. Ndi wofiira moderako, ndipo ukatayikira umamata m'zala.

Wogulitsa adzakufunsani m'Chipwitikizi kuti "com elas ou sem elas?", kutanthauza kuti akuikiremo chipatso kapena ayi. Ine ndikuti yankhani "com elas", kuti akuikiremo. Musagugudize. Pyopyontheni pang'onopang'ono kuti mumve kutsekemera kukuyamba, kuwawasa kukutsatira, kenaka kutentha kukutsikira pachifuwa. Chipatso chotsala pansi pa kapu mudye pomalizira. Chimakhala chitamwa mowa wambiri, komanso chili ndi njere yolimba mkati, choncho mulume mosamala. Njereyo mulavulire m'kapu momwemo.

Kutsekemerako kusakupusitseni, mowa wake ndi wa mphamvu pafupifupi 20 peresenti. Kakapu kamodzi mutadya kale n'kokwanira.

Ngati nthawi ilipo, kwerani basi ya ku Óbidos, tauni yozunguliridwa ndi linga kumpoto kwa Lisbon, ulendo wa pafupifupi ola limodzi. Kumeneko amathira ginjinha m'kakapu ka chokoleti. Mukamwa, katafuneni kakapuko kasanasungunuke m'manja.