Mwana wodwala khansa akati "pakuwawa", mufunseni kuti pakuwawa motani

Makolo ndi magadiyani a kuno ku Zomba, ambiri a inu mumapita ndi mwana ku Queen Elizabeth ku Blantyre kukalandira mankhwala a khansa, kenaka n'kubwerera ku Chinamwali, ku Thondwe kaya ku Jali komwe kulibe dokotala wa khansa pafupi. Masiku amenewo womva dandaulo la mwana ndinu, ndipo achipatala amadalira zomwe mwamvazo posankha mankhwala a ululu.

Mwana wa zaka 3 kapena 4 amangoti "m'mimba" ngakhale pakupweteka pali pena. Muuzeni aloze ndi chala. Wosayankhula mumuone nkhope, kupinda miyendo, kukana bere ndi kulira kosatonthozeka. Koma amene amandidetsa nkhawa kwambiri ndi mwana wongoti zii, wosiya kusewera, wokana kunyamulidwa. Pakhomo timati lero wapezako bwino, chonsecho ululu wamufoola mpaka wasiya kulira.

Okulirapo ali ndi mawu awoawo: pakubaya, pakuotcha, mukupota, pachita dzanzi. Mawu amenewa musawaphatikize n'kungokanena kuti "akumva kuwawa", chifukwa lililonse limaloza kwake. Mwana akati zala zachita dzanzi, m'mapazi mukuyenda nyerere, kapena nsagwada ikuwawa, kungakhale kuti mankhwala a khansa otchedwa vincristine akhudza mitsempha, ndipo ululu wotere panado sauthetsa bwino. Akakana nsima kuti m'kamwa mukuotcha, suzumiranimo, mwina muli zilonda zobwera ndi mankhwala. Kupota kwa m'mimba nthawi zambiri ndi kudzimbidwa. Lembani m'kope mawu akewo monga wanenera, nthawi yake, ndi chimene chinachepetsa ululuwo.

Kukula kwa ululu yezerani ndi dzanja. Chibakera chofumbata ndiye kuti palibe ululu, chala chimodzi ndi pang'ono, zala zonse zisanu ndi ululu wosapiririka. Mufunseni m'mawa ndi madzulo, komanso pakapita kanthawi atamwa mankhwala. Akaonetsa zala zinayi musamutsutse kuti "bwanji umaseka pompano?" Mwana amatha kusewera ululu ulipo.

Achinyamata ndiye ovuta. Mnyamata wa zaka 14 anauzidwa kale kuti mwamuna salira. Mtsikana amaona amayi ake akusowa ndalama ya minibasi, ndiye amati "ndili bwino" kuti asawonjezere mavuto. Ena amabisa poopa jakisoni kapena kugonekedwanso m'chipatala. Musamufunse pagulu. Khalani naye awiriwiri, mufunse ngati wagona usiku, ngati akutha kuyenda kupita kuchimbudzi, ndi chimene chikumuopsa. Nkhawa ya sukulu ndi manyazi a kuthothoka tsitsi nazo zimakulitsa ululu. Kuchipatala mulekeni ayankhe yekha, inu muwonjezere pambuyo.

Dokotala akalemba morphine wamadzi, ena amaganiza kuti mwana watsala pang'ono kutisiya. Ayi, ndi mankhwala a ululu waukulu basi. Perekani pa maola amene mwauzidwa, osadikira kuti ayambe walira, ndipo pemphani mankhwala ofewetsa chimbudzi. Aspirin musamupatse.

Mwana amene akulandira mankhwala a khansa akatentha thupi kufika madigiri 38, musangomumwetsa panado n'kudikira kuche. Pitani naye ku Zomba Central kapena chipatala chapafupi nthawi yomweyo, buku lake la kuchipatala ndi kope lanu lija zili m'manja.