Momwe mungabzalire duwa la alpine forget-me-not

Duwa limeneli, lomwe dzina lake la sayansi ndi Myosotis alpestris, kwawo n'kumapiri ozizira monga Alps ndi Pyrenees ku Ulaya, ndipo ndi lomwe limaimira chigawo cha Alaska ku America. N'lalifupi, masentimita 10 mpaka 20 basi, koma timaluwa take tabuluu ta kadiso kachikasu pakati tikamasula, maso safuna kuchokapo.

Pogula mbewu musathamangire zotchipa. Ogulitsa ena, makamaka a pa intaneti, amalemba alpestris papaketi chonsecho mkatimo muli Myosotis sylvatica, m'bale wake wam'nkhalango yemwe amatalikirapo. Paketi yopanda dzina la sayansi ndi deti, isiyeni.

Fesani nyengo yotentha ikamatha kuti mbande zidutse m'nyengo yozizira zisanachite maluwa.

Tsono nkhani yagona pa dothi ndi madzi, ndipo apa ndi pomwe ine ndinalira. Ulendo woyamba ndinafesa m'thireyi ya dothi lakuda lomata, manyowa thoo, n'kumathirira m'mawa ndi madzulo poti ndinamva kuti duwali limakonda chinyezi. Patatha masabata atatu zinamera bwino ndithu. Posakhalitsa timitengo tinayamba kuda ndi kuwonda patsinde penipeni, n'kumagwa kamodzikamodzi mpaka thireyi yonse kutha psiti. Anali matenda a nkhungu omwe amaswana m'dothi lonyowa mopitirira. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa timbandeto tinafa ndi chisamaliro changa chomwe. Kumapiri kwawoko duwali limamera pakati pa miyala, pomwe madzi amangodutsa osaima. Limafuna chinyezi, osati matope.

Pano ndimasakaniza dothi, mchenga wokhakhala ndi kompositi wa masamba wowolerana bwino, muyeso wofanana. Thireyi ikhale yoboola pansi ndipo yotsukidwa. Yogula siyofunika, chidebe chakale chimagwira ntchito bola muchiboole mokwanira. Mwazani mbewu motalikirana, kwirirani ndi kadothi kochepa kwambiri. Pothirira, khazikani thireyi m'beseni la madzi ochepa kuti dothi limwe kuchokera pansi, kenako ichotseni. Musathirirenso mpaka mutapisa chala n'kumva kuti pamwamba payamba kuuma. Ikani pomwe mpweya ukudutsa.

Mbande zikakhala ndi masamba anayi, okerani motalikirana masentimita 15, pamalo pofika dzuwa lam'mawa koma pamthunzi masana. Kutentha kwambiri sililimba nako. Feteleza musachulutse, lingangochita masamba.

Masamba akayamba kuyera ngati awazidwa ufa, chotsani odwalawo ndipo muzithirira patsinde pokha. Chomerachi sichikhala zaka zambiri, choncho maluwa akafota siyaniko ena akhwimitse njere, zidzagwa n'kumera zokha.