Momwe mungasankhire galimoto yogwirapo ntchito yopirira misewu ya Thyolo ndi Mulanje

Munthu wa kuno akasonkhanitsa ndalama zake, kaya za tiyi, za nanazi, za nthochi kapena za malipiro a pamwezi, n'kutsimikiza zogula galimoto, kawirikawiri amakwera minibasi ya ku Limbe, ndipo akafika pamalo ogulitsira maso ake amathamangira pa utoto, pa wailesi ndi pa mipando. Galimotoyo amaiyesera pa tala wosalala wa mumzinda, chonsecho moyo wake wonse idzathera pa zitunda za Thyolo, pa katondo wa m'minda ya tiyi ndi pa miyala ya njira za m'tsinde mwa phiri la Mulanje. Ine ndayenda m'misewu imeneyi kwa zaka zambiri, ndipo chimene ndaona n'chakuti galimoto ya kuno iyenera kuyang'anidwa kuyambira pansi: matayala ndi kunsi kwake choyamba, zokongola pambuyo.

Choyamba: dziwani msewu umene mudzayendemo tsiku ndi tsiku

Musanatchule dzina la galimoto iliyonse, dzifunseni kumene mumagona ndi kumene mumapita. Ngati ulendo wanu uli pa msewu wa M2, wochokera ku Limbe kudzera pa Bvumbwe, Thyolo, Luchenza ndi Chitakale mpaka kuchipata cha Muloza, galimoto zing'onozing'ono monga Vitz, Passo kapena Demio zingakutumikireni bwino ndipo sizimwa mafuta ambiri. Koma ngati mumapatuka pa tala n'kulowa makilomita angapo m'mudzi, kutalika kwa galimoto kuchokera pansi n'kofunika kuposa china chilichonse. Galimoto yofupika, makamaka itanyamula matumba a chimanga kapena anthu asanu, imakhula mimba pa mwala uliwonse, ndipo tsiku lina idzaboola poto wa oyilo muli kutali ndi makaniko. N'chifukwa chake ambiri onyamula katundu amakonda Probox, ndipo amene thumba lawalola amagula Hilux.

Funsaninso ngati zitsulo zake zimapezeka ku Limbe. Galimoto yachilendo imakoma tsiku logula lokha.

Chachiwiri: mapepala asanatuluke, ndalama zisatuluke

Pemphani blue book, chikalata cha umwini wa galimoto, ndipo muyerekeze nambala ya chesisi yolembedwamo ndi yomwe yadindidwa pa galimotoyo, chilembo ndi chilembo. Dzina la mwini wake lifanane ndi la pa chiphaso cha unzika cha amene akugulitsa. Madobadoba amathandiza kupeza galimoto, koma musapereke ndalama kwa munthu amene dzina lake silili pa mapepala. Njira yabwino ndi kupita limodzi ndi mwini wake ku ofesi ya Road Traffic ku Blantyre kuti umwini usinthidwe inu mukuona. Onaninso kuti COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) ndi inshuwalansi zitha liti. Poti tili kufupi ndi malire a Mozambique, galimoto yotchipa modabwitsa muifunsire umboni woti msonkho wa MRA unalipiridwa, chifukwa galimoto yolowa mozemba ikagwidwa imalandidwa kwa amene ali nayo m'manja tsikulo.

Chachitatu: gwadani pansi muwerenge matayala

Apa ndi pamene ndikufuna tichedwepo. Zaka zapitazo ndinagula matayala awiri a kaunjika ooneka atsopano, a mizere yakuya yoti chala chimalowa. Patangotha miyezi iwiri, ndikutsetsereka kuchokera ku Thyolo kulowera ku Luchenza dzuwa lili pamutu, tayala lakumbuyo linaphulika ndipo galimoto inayamba kuvina kumchira mpaka ndinakaimira m'udzu. Mnyamata wokonza matayala amene anandithandiza analitembenuza, n'kupukuta fumbi ndi chala chachikulu, n'kundionetsa manambala anayi amene ine sindinawaonepo n'kale lonse. Tayalalo linali ndi zaka zoposa khumi.

Manambala amenewo ali pambali pa tayala lililonse, kawirikawiri kumapeto kwa mzere umene umayamba ndi zilembo za DOT. Awiri oyambirira ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka: 2319 akutanthauza kuti tayalalo linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Nthawi zina amadindidwa mbali imodzi yokha, choncho ngati simukuwaona kunja, suzumirani mkati ndi tochi ya foni. Mphira umakalamba ngakhale tayala lisanayende. Likapitirira zaka zisanu liyenera kuyang'anidwa mosamala chaka ndi chaka, ndipo lofika zaka khumi musalikhulupirire, kaya mizere yake ikhale yakuya bwanji. Timing'alu ting'onoting'ono ta m'mbali, tonga ta kuchidendene nthawi yachilimwe, ndi chizindikiro cha ukalamba umenewo.

Kenaka onani mizere. M'kati mwa ngalande za tayala muli timatumphu ta mphira topingasa. Tayala likatha mpaka kulingana ndi timatumphu timeneto, ndiye kuti latsala mamilimita 1.6 okha, ndipo ntchito yake yatha. Kwa ife a kuno, kumene mvula imagwa yambiri ndipo chiperoni chimanyowetsa msewu ngakhale mu June ndi July, si bwino kudikira mpaka pamenepo. Ngalandezo ndi zimene zimachotsa madzi pansi pa tayala, ndipo zikatsala pafupifupi mamilimita atatu galimoto imayamba kale kuchedwa kuima pa tala wonyowa.

Pali msampha wina umene wakola anthu ambiri ogula galimoto zochokera ku Japan. Zina zimabwera zitavala matayala a nyengo ya chisanu cha kumeneko, olembedwa kuti studless kapena okhala ndi chithunzi cha phiri la nsonga zitatu. Mudzawazindikira ndi timizere tambirimbiri topyapyala, tokhotakhota, pa chidutswa chilichonse cha mphira, ndipo mukawakanikiza ndi chikhadabo amamveka ofewa. Anapangidwira msewu wozizira kwambiri, choncho pa tala wotentha wa mu October amatha msanga ndipo sagwira bwino mukaponda mabuleki. Mukawapeza pa galimoto imene mukufuna kugula, werengerani mtengo wa matayala anayi ndipo muuchotse pa mtengo wa galimotoyo pokambirana.

Kathedwe ka tayala kamaulula zimene wogulitsa sanakuuzeni. Likadyeka mbali imodzi yokha, miyendo ya galimoto ndi yopotoka ndipo ikufunika kuwongoledwa (alignment), mwinanso inagundapo dzenje lalikulu kapena inachita ngozi. Likadyeka pakati, ankalipopa mopyola muyeso. Likadyeka m'mphepete monse muwiri, linkayenda ndi mpweya wochepa. Likakhala ndi mabampu oti dzanja limamva mukalisisita, ma shock absorber atopa. Chotupa cha pambali, chonga chithupsa, chimatanthauza kuti ulusi wa mkati unaduka, ndipo tayala lotero silimatidwa, limangochotsedwa.

Werengani kukula kwake. Zolemba monga 185/65 R15 88H zikunena kuti tayalalo ndi lotambalala mamilimita 185, khoma lake ndi magawo 65 pa 100 a kutambalalako, limalowa pa rimu ya mainchesi 15, limanyamula makilogalamu 560, ndipo liwiro lake lomaliza ndi makilomita 210 pa ola. Matayala onse anayi akhale a muyeso umene wopanga galimoto analemba pa kapepala kamene kamamatidwa pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala. Achinyamata amakonda marimu akuluakulu onyezimira okhala ndi matayala a khoma lalifupi, koma kwa ine kumeneko n'kutaya ndalama m'misewu yathu: khoma lalitali ndi limene limameza dzenje, pomwe lalifupi limapereka nkhonya yonse ku rimu. Ndipo ngati mukugula galimoto yonyamulira katundu, funani matayala olembedwa LT kapena C, kapenanso 6PR ndi 8PR, chifukwa makoma ake ndi olimba.

Pomaliza tsegulani kumbuyo muone ngati sipeya, jeke ndi sipanala zilipo. Galimoto zambiri za ku Japan za zaka zaposachedwa zimabwera zopanda sipeya, zina ndi kasipeya kopyapyala kamene sikayenera kupitirira makilomita 80 pa ola. Munthu wopita ku Thekerani kapena ku Milonde ndi bwino agule rimu ndi tayala lathunthu.

Chachinayi: kunsi, injini ndi kuiyesa pa chitunda

Tengani makaniko wanu, osati wa wogulitsa, ndipo mufike m'mawa injini isanalizidwe, pakuti injini yodwala imabisa matenda ikatentha. Aunike kunsi ngati kuli dzimbiri, oyilo wodontha kapena malo owotcherera. Tsegulani chitsekerero cha oyilo: mukaona zoyera ngati phala la mkaka, madzi akulowa mu injini. Utsi wabuluu motuwa ukusonyeza kuti injini ikudya oyilo, wakuda ukusonyeza kuti mafuta sakupsa bwino, ndipo woyera wosaleka injini itatentha ndi wa madzi. Potembenuza kiyi, magetsi onse ochenjeza ayake kaye kenaka azime. Ngati lina silikuyaka n'komwe, mwina wina analizimitsa dala.

Musavomere kuiyesa pamalo athyathyathya pokha. Ikwezeni chitunda muli anthu atatu kapena anayi, mumve ngati giya ikuterereka kapena singano ya kutentha ikukwera, kenaka potsika muone ngati chiwongolero chikunjenjemera mukaponda mabuleki.

Chachisanu: petulo, dizilo ndi kumene mumamwetsa

Kusankha pakati pa petulo ndi dizilo kumadalira ntchito. Dizilo ali ndi mphamvu yokoka katundu pa zitunda ndipo amapindulitsa woyenda maulendo ataliatali, koma pampu ndi ma injector ake zikawonongeka, kukonza kwake kumadula kwambiri. Galimoto za dizilo zamakono zili ndi sefa ya mwaye yotchedwa DPF, imene imadziyeretsa yokha pokhapokha injini itatentha pa ulendo wautali. Ngati ulendo wanu ndi wochokera pa Chitakale kufika pa boma basi, sefayo idzatsekeka. Kwa munthu woyenda maulendo afupiafupi, injini ya petulo ya malita 1.3 kapena 1.5 ndi yokwanira. Za hybrid, zoyendera petulo ndi batire, monga Aqua, zimasunga mafuta ndithu, koma ndi zofupika, ndipo musanagule batire yake yaikulu iyesedwe ndi makina a kompyuta.

Mtengo wa mafuta m'dziko muno umakhazikitsidwa ndi bungwe la MERA, choncho posankha pomwetsera musayang'ane kutchipa koma ukhondo ndi kuchuluka kwa galimoto zomwetsa pamenepo. Petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, amene amapangidwa ku Dwangwa kuyambira 1982 ndiponso ku Chikwawa. Ethanol amakoka chinyezi, ndiye galimoto ikamakhala milungu yambiri osayenda, thanki ili pafupi kuuma, m'nyengo yonyowa ngati ya kuno, madzi amadzikundikira pansi. Yesetsani kuti singano isamatsike kupitirira kota, pakuti pampu ya mafuta imakhala m'thanki momwemo ndipo amaiziziritsa ndi mafutawo.

Ndikudziwa kuti mafuta akasowa, mizere ikatalika, munthu amakakamizika kugula a m'zigubu m'mbali mwa msewu, ndipo sindingaweruze amene ali ndi wodwala woti apite naye kuchipatala. Komabe dziwani kuti mafuta amenewo nthawi zina amakhala osakaniza ndi palafini kapena madzi, ndipo zigubuzo zimakhala ndi zinyalala. Ngati palibe kuchitira mwina, thirani pang'ono m'botolo loonekera mkati, mudikire mphindi zingapo: madzi amakhala pansi n'kupanga mzere woonekeratu. Sefani ndi nsalu yoyera pothira, gulani ongokufikitsani kumene mukupita, ndipo musachedwe kusintha fyuluta. Zikachitika kuti pa pampu akuthirirani petulo m'galimoto ya dizilo, kapena dizilo m'galimoto ya petulo, musalize injini ngakhale kutembenuza kiyi. Ikankhireni pambali ndipo thanki ikhuthulidwe.

Chachisanu ndi chimodzi: sabata yoyamba mutagula

Musakhulupirire mawu oti yangochokera ku sevisi. Sinthani oyilo ndi mafyuluta onse, ndipo ngati giya yake ndi ya CVT, mtundu wa otomatiki umene susintha magiya modumphadumpha, muthiremo mafuta ake enieni, osati a giya ya otomatiki wamba. Funsani makaniko ngati injiniyo ili ndi lamba wa timing kapena tcheni. Ngati ndi lamba ndipo palibe umboni wa tsiku limene anasinthidwa, msintheni.

Mpweya wa matayala muziyeza m'mawa asanatenthe, kamodzi pa milungu iwiri iliyonse, motsatira kapepala ka pachitseko kaja. Galimoto za ku Japan zimalemba mu kPa, ndipo 230 kPa ndi chimodzimodzi 2.3 bar kapena pafupifupi 33 psi; zimenezi muziwauza anyamata opopa, chifukwa ambiri amangopopa mulingo umodzi galimoto iliyonse, ena amangomenya tayala ndi sipanala n'kumvera kulira kwake. Kageji kanu kakang'ono ka m'thumba n'kotchipa kuyerekeza ndi tayala limodzi. Sinthanitsani matayala akutsogolo ndi akumbuyo pa makilomita 8,000 mpaka 10,000 aliwonse. Ndalama zikakwanira matayala awiri okha atsopano, aikeni kumbuyo ngakhale galimoto ikhale yokoka ndi kutsogolo, chifukwa pa msewu wonyowa mchira ukaterereka pokhota, ndi madalaivala ochepa amene amatha kuubweza.

Ndipo tsiku loyamba limene mudzatsike nayo zitunda za Thyolo, ikani giya yotsika, kaya ndi 2, L kapena B malinga ndi galimoto yanu, kuti injini ithandize kugwira liwiro. Mukamva fungo la chinthu chopserera kapena buleki ikayamba kulowa mofewa, patukani pamalo oonekera bwino, muyatse magetsi ochenjeza, ndipo mudikire kuti mabuleki azizire okha popanda kuwathira madzi.