Momwe mungajambulire filimu ya banja lotha ndi foni ku Senga Bay

Choyamba dziwani amene akuchoka pakhomo. Ukwati ukakhala wa chikamwini, bambo wa zaka 50 ndiye amanyamula chikwama, kusiya nyumba yomwe anawotchera yekha njerwa, ana n'kutsala kuchikazi. Ukakhala wa chitengwa, mayi ndiye amabwerera kwawo kukapempha polima kwa alongo ake. Za kwa ankhoswe zisapitirire mphindi ziwiri. Owonera akufuna kuona mayiyo akuphunzira kupikula usipa, akusokoneza chenji, anthu akumuitanabe dzina la mwamuna uja.

Filimu yonse mphindi 15 n'zokwanira, osewera anayi, malo awiri. Kwa amfumu ndi kwa a komiti ya padoko kaonekereni msanga.

Tsono mawu, pamene ambiri amagwera. Filimu yotere anthu sakuwa, amayankhula motsitsa, ndipo mwera wa Juni mpaka Ogasiti umameza zonse. Maiki ya foni yojambulira iiwaleni. Pezani kamaiki kopana pakolala, kavekeni kaubweya kotchinga mphepo (kasiponji kamene kamabwera nako n'ka m'nyumba, kunyanja sikathandiza), mukalumikize ku foni yachiwiri yomwe ikhale m'thumba la wosewera. Chingwe chimateni ndi tepi mkati mwa bulauzi, chifukwa chikamakhula nsalu mumangomva kwekwerekwe. Wosewera afulatire mphepo. Musanayambe chigawo chilichonse, wina awombe m'manja kamodzi patsogolo pa kamera, kuti podzalumikiza mawu ndi zithunzi musavutike. Mukamaliza mvetserani pomwepo ndi mahedifoni, osewera asanasinthe zovala. Jambulaninso mphindi imodzi ya mafunde okhaokha, aliyense ali chete. Idzatseka mipata podula ndi kulumikiza zigawo za filimu. Maboti a injini akamakocheza kapena chigayo chikalira, ingodikirani.

Zithunzi ikani pa 1080p m'masetingi a kamera, ola limodzi limadya pafupifupi 8GB. Samalani ndi mamemori kadi otchipa a m'misewu: pamwamba alemba 128GB, koma akadzadza pang'ono mafayilo amakana kutseguka. Musanalipire, dzazanimo mavidiyo n'kutsegula oyamba ndi omalizira omwe. Wogulitsa akakana, chokanipo.

Jambulani m'mamawa kapena dzuwa likapendeka. Masana a Okutobala foni imatentha n'kusiya kujambula.

Kudula, pulogalamu ya pafoni ya CapCut imakwana. Nyimbo za eni musangoikamo, funsani ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi ntchito zina za aluso, kapena pezani mnyamata wa gitala. Filimu yokaonetsa pagulu iyambe yadzera ku Censorship Board, bungwe la boma lounika mafilimu.