Khadi lowunikira netiweki likamaphonya mapaketi: mmene mungapezere vuto pa seva ya Linux

Khadi lowunikira limasiyana ndi makadi ena a pa seva. Ntchito yake ndi kumvetsera basi: silikhala ndi adiresi ya IP, silitumiza kanthu, limangolandira makope a mapaketi kuchokera ku poti ya SPAN pa swichi (poti yomwe swichi imatumizako makope a mapaketi a mapoti ena) kapena ku kachipangizo ka TAP (komwe kamalumikizidwa pa waya n'kumakopera zodutsapo), n'kuwapereka ku mapulogalamu owunikira monga Suricata, Zeek kapena tcpdump. Likavuta, paketi imakhala itatayika pa malo amodzi mwa anayi: pa swichi, pa waya, m'khadi momwemo, kapena pakati pa kernel (chimake cha Linux) ndi pulogalamu. Musanasinthe chilichonse, pezani kaye malowo. Pano tigwiritsa ntchito dzina la eth1, inu muikepo dzina la khadi lanu.

Yambani ndi `ip link show eth1`. Payenera kuoneka UP ndi LOWER_UP. Ngati UP palibe, khadilo silinayatsidwe, zomwe zimachitika kawirikawiri chifukwa khadi lopanda adiresi silidzuka lokha seva ikayaka. Liyatseni ndi `ip link set eth1 up`. Mukaona NO-CARRIER, vuto lili pa waya, pa SFP (kachipangizo kolowetsa m'poti komwe waya amalumikizidwako) kapena ku swichi. Lamulo la `ethtool eth1` limasonyeza liwiro ndi mzere wa Link detected, pomwe `ethtool -p eth1 10` limaphethiritsa getsi la potiyo kwa masekondi 10 kuti mutsimikize kuti waya mwaulowetsa polondola.

Kenako onani zomwe zikufika: `tcpdump -i eth1 -nn -e -c 100`. Apa m'pofunika kudekha, chifukwa zotsatira zake zimaloza kumene kuli vuto.

Ngati sipakubwera kanthu pomwe waya uli bwino, pitani ku swichi. Pa Cisco, `show monitor session 1` amaonetsa poti yomwe ikukoperedwa ndi yomwe ikulandira makope. Poti yolandirayo ikamalemba "line protocol is down (monitoring)" musadandaule, ndi mmene imakhalira ikakhala pa SPAN.

Ngati mukungoona ARP ndi mapaketi ena opita kwa aliyense, okhala ndi adiresi ya ff:ff:ff:ff:ff:ff, ndiye kuti mwina poti yanuyo ndi poti wamba, kapena khadi likukana mafelemu omwe si ake. Khadi limalandira mafelemu a makina ena pokhapokha lili mu promiscuous mode, ndiko kuti laikidwa kuti lizilandira chilichonse chofika pa waya. Ambiri amasokonezeka apa: tcpdump ikayatsa yokha promiscuous mode, mawu oti PROMISC saoneka pa `ip link show`. Gwiritsani ntchito `ip -d link show eth1` n'kuyang'ana nambala ya promiscuity, iyenera kuposa 0 pamene tcpdump ikugwira ntchito. Seva ikakhala mkati mwa VMware ESXi, pulogalamu yoyendetsa maseva angapo pa kompyuta imodzi, pali chotchinga china: port group imabwera promiscuous mode ili pa Reject. Isintheni ikhale Accept, ndipo VLAN ID ikhale 4095 ngati mukufuna ma VLAN onse, omwe ndi magawo amene netiweki yagawidwamo.

Ngati mukuona mbali imodzi yokha ya zokambirana, mwachitsanzo SYN popanda yankho lake la SYN-ACK, SPAN yaikidwa pa rx (zolowa zokha) kapena tx (zotuluka zokha) m'malo mwa both (zonse ziwiri). TAP yambiri imatulutsa mbali iliyonse pa waya wakewake, choncho imafuna makadi awiri.

Pali msampha wina wa VLAN. Sefa ya tcpdump ya `host 10.0.0.5` ikhoza kusagwira mafelemu okhala ndi tagi ya VLAN ya 802.1Q, chifukwa mabaiti 4 a tagiyo amasuntha malo a adiresi. Yesani `vlan and host 10.0.0.5` musanaganize kuti mapaketi kulibe.

Vuto lovutitsa kwambiri ndi la mapaketi omwe akufika koma ena akutayika. Lembani `ethtool -S eth1 | grep -iE "drop|miss|err"` kawiri, motalikirana mphindi imodzi. Chofunika si kukula kwa nambala ayi, koma ngati ikukwera. Mayina a zowerengerazi amasiyana malinga ndi dalaiva. Ikamakwera rx_crc_errors, sinthani waya kapena SFP, kapena pukutani nsonga za faiba. Ikamakwera rx_missed_errors, khadi likudzaza seva isanatenge mapaketi. Onani `ethtool -g eth1`, lomwe limasonyeza kukula kwa malo omwe mapaketi amadikirira seva: makadi ambiri a Intel amayambira pa 256 kapena 512 pomwe amatha kufika 4096, ndiye kwezani ndi `ethtool -G eth1 rx 4096`. Zikapitirira, onani mu /proc/interrupts ngati ntchito yonse ya khadilo yaunjikana pa CPU imodzi. Koma ngati khadi silikutaya kanthu pomwe tcpdump pomaliza ikulemba "packets dropped by kernel", ndi pulogalamu yomwe ikuchedwa. Ikulitsireni malo ndi `-B 65536`, omwe ndi 64 MiB, ndipo muzilemba mu fayilo ndi `-w` m'malo mosindikiza pa sikirini.

Pali kutayika kwina komwe seva siingakuone n'komwe. Poti ya 1 Gbps imanyamula 1 Gbps kupita ndi 1 Gbps kubwera, ndiye mukakopera mbali zonse mukhoza kukhala ndi 2 Gbps yofuna kudutsa pa poti ya 1 Gbps. Swichi imataya zotsalazo mwakachetechete, zowerengera za pa seva zili pa 0. Chizindikiro chake ndi mipata mu TCP nthawi yomwe netiweki yatanganidwa, komanso output drops pa poti yolandira makope. Apa ethtool sangathandize. Pakufunika poti ya 10 Gbps, TAP, kapena kuchepetsa zomwe mukukopera.

Mukaona mapaketi a mabaiti 20,000 kapena kuposa pa netiweki ya MTU 1500 (malire a kukula kwa paketi, m'mabaiti), ndi GRO ya kernel kapena LRO ya khadi yomwe ikulumikiza mapaketi asanafike ku pulogalamu. Pa seva wamba zimenezi n'zothandiza, koma pa khadi lowunikira zimabisa zomwe zinadutsadi pa waya. Zimitsani ndi `ethtool -K eth1 gro off lro off`. Ngati netiweki ili ndi mafelemu akuluakulu, kwezani MTU ndi `ip link set eth1 mtu 9000`, apo ayi makadi ena amawataya.

Muzisintha chinthu chimodzi, n'kuyang'ananso zowerengera musanapite pa china. Zonse za `ip link` ndi ethtool zimafufutika seva ikayambiranso, choncho ziikeni mu unit ya systemd yomwe imayamba pulogalamu yowunikira isanayambe. Muzimitsenso DHCP, njira yopemphera adiresi ya IP, pa khadilo, komanso IPv6 ndi `net.ipv6.conf.eth1.disable_ipv6=1` mu /etc/sysctl.d, kuti lisatumize mapaketi akeake. Mukatero yambitsaninso seva mwadala, n'kubwereza tcpdump ya mapaketi 100 kuti muone ngati zonse zabwerera m'malo.