Momwe mungachitire kuti makina olembera braille azitchula bwino zidule

Makina olembera braille akayamba kutchula zosamveka, ambiri amathamangira kusintha liwu. Liwulo lilibe mlandu. Limangonena zomwe lapatsidwa ndi tebulo lomasulira madontho, ndiye ntchito yathu iyambire pamenepo, kaya muli ndi BrailleNote ya HumanWare, BrailleSense kapena mtundu wina.

Poyamba lowani mu settings, muone giredi. Grade 1 ndi yolemba chilembo chilichonse. Grade 2 ndiye ya zidule, momwe k ikakhala payokha imaimira knowledge, x imaimira it, ndipo madontho 2-3-4-6 ndi the. Mukamalemba zidule makina ali pa Grade 1 kapena pa computer braille (braille ya zizindikiro za pakompyuta, yopanda zidule), muzingomva zilembo ndi zizindikiro zobalalika. Pamakina ambiri giredi yolembera ili pena, yowerengera ili penanso. Muzione zonse ziwiri.

Tsopano tebulo lenilenilo. Apa ndi pomwe ine padandivuta, ndipo ndichedwapo.

Braille ya Chingelezi ili ndi malamulo akale komanso atsopano otchedwa Unified English Braille (UEB). Bungwe la International Council on English Braille lidavomereza UEB mu 2004, ndipo ku America idayamba kugwira ntchito mu 2016. UEB idachotsa zidule zisanu ndi zinayi: ble, ation, ally, dd, com, to, into, by ndi o'clock. Madontho ake sadatayidwe ayi, koma pano makina amawamva mwina. Kale dontho 6 lotsatana ndi n pakati pa mawu linkaimira ation. Mu UEB imeneyo ndi N wamkulu basi. Madontho 2-5-6 pakati pa mawu ankaimira dd, lero ndi mpumiro.

Zolemba zanga zakale nditazitsegula pamakina atsopano, nation idasanduka nN, station idasanduka stN, ndipo ladder inkaduka pakati ngati chiganizo chatha. Pansi pa zala zonse zinali bwinobwino, khutu lokha ndilo linkamva zachilendo. Chifukwa chake nchakuti fayilo ya braille, ya .brf, imasunga madontho okha, siinena kuti idalembedwa ndi malamulo ati. Makina amangogwiritsa ntchito tebulo lomwe mwasankha.

Kuyesa kwake nkosavuta. Tsegulani fayilo yatsopano, lembani n, dontho 6, n, kenako sipesi. Makina akati nation, ali pa malamulo akale. Akatchula zilembo, ali pa UEB. Pa fayilo yakale chitani izi: sungani kaye kope lake padera, sinthani tebulo kupita ku lakale, tsegulani fayiloyo, mverani ndime zingapo, ndipo zikamveka bwino muisunge ngati .docx kapena .txt. Mukatero bwererani ku UEB. Musasunge fayilo yomasuliridwa ndi tebulo lolakwika pamwamba pa yoyambayo, chifukwa nN uja amakhazikika momwemo, ndipo kukonza kwake ndi pamanja, liwu ndi liwu.

Ndinenepo za kugula. Makina awa atsopano amadula kwambiri, ena madola masauzande angapo, nchifukwa chake ambiri timayang'ana ogwiritsidwapo kale ntchito. Ogulitsa ena pa intaneti amangoti "zonse zikugwira", chonsecho pulogalamu ya mkati ndi yakale, UEB mulibe, ndipo kampani idasiya kutulutsa zowonjezera za mtundu umenewo. Musanapereke ndalama, wogulitsayo akuonetseni UEB pamndandanda wa matebulo. Akamazemba, musiyeni.

Tebulo likakhala bwino, zotsalazo ndi zing'onozing'ono. Mukafuna chilembo chenichenicho, monga b wa pamndandanda wa mafunso, yambani ndi madontho 5-6, apo ayi makina adzati but. Madonthowo mukawalemba kawiri amagwira liwu lonse.

Mayina ndi zidule zanuzanu zomwe malamulo sazidziwa, zilowetseni mu dikishonale ya katchulidwe ngati makina anu ali nayo: mbali imodzi mulembe liwulo, mbali inayo momwe lizimvekera. Izi zimasintha mawu otuluka m'sipika okha, zolembedwazo zimakhala momwe zilili. Musaikemo chilembo chimodzi chokha, chidzakusokonezani paliponse.

Ma password ndi ma adiresi a imelo, makina ena amafuna computer braille. Ngati zikuvutabe, ikani pulogalamu yatsopano kuchokera pa webusaiti ya kampani yomwe idapanga makinawo, batire lili lodzaza, kenako muyesenso nation uja.