Kukonzekera intavyu ya udindo wotsogolera anamwino a m'madera

Mwafunsa zoyenera kuchita popeza akuitanani ku intavyu ya udindo woyang'anira anamwino a m'madera kuno ku Mzuzu. Yambani ndi mapepala: masatifiketi, chitupa cha unzika ndi laisensi ya Nurses and Midwives Council of Malawi yomwe sinathe ntchito. Kenako werengani HSSP III, ndondomeko ya boma ya zaumoyo ya 2023 mpaka 2030.

Nthawi yambiri muithere pa utsogoleri. Ofunsawo akudziwa kale kuti unamwino mumautha, akufuna kumva momwe mumayendetsera anthu. Konzani nkhani zitatu zimene munachitadi. Mwina munagwirizanitsa alangizi a zaumoyo ndi mafumu pa katemera, mwina munagawa ntchito pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, kapena munalangiza namwino wojomba popanda kumuchititsa manyazi. Pa nkhani iliyonse tchulani vuto, zimene munachita inuyo, ndi zotsatira zake. Ziwerengero za dera lanu za mu DHIS2 (njira ya pa kompyuta yosungira ziwerengero za zaumoyo) muzidziwe pamtima, makamaka za katemera ndi sikelo ya amayi oyembekezera.

Ngati mumalankhula Chitumbuka, musaiwale kutchula, m'midzi ya Mzimba North chimathandiza kwambiri. Kusanafike tsikulo, yesererani kuyankha mafunso ndi mnzanu wa kuntchito.